Ndakatulo ya Naki: yokoma, koma yanama

Loweruka lapitali pa mpikisano wa ndakatulo pa boma la Kasungu, mnyamata wina adatitenga mtima ndi ndakatulo yotamanda Hamilton Naki. Mawu ngosankha bwino, popumira akupadziwa. M'manja ndidawomba nawo, komabe ndili naye mlandu.

Ndakatuloyo ikuti pa 3 December 1967, pomwe Dr Christiaan Barnard adaika koyamba mtima wa munthu m'chifuwa cha munthu wina pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, yemwe adachotsa mtimawo m'thupi la malemu Denise Darvall adali Naki, munthu wakuda wosamalira maluwa, ndiye Azungu adangobisa. Yokoma, eti? Koma si zoona. Magazini ya The Economist idalemba zomwezi Naki atamwalira mu 2005, kenaka idabweza mawu.

Zoona zake n'zowawa kuposa pamenepo. Naki adayambadi ndi maluwa pa yunivesite ya Cape Town, nadzakhala katswiri wa opaleshoni pa nyama zoyeserera, mpaka kumaphunzitsa madokotala. Koma sukulu ya udokotala sadaiponde. Umphawi ndi tsankho zidamutsekera khomo. Digiri yaulemu adailandira mu 2003 imvi zili mbuu. Tsono iwe mlakatuli, ukamulowetsa m'chipinda cha opaleshoni usiku umenewo, ndiye kuti khomo lija lidali lotsekula. Walichotsera mlandu tsankho osadziwa.

Dzina lomwe ndidalidikira osalimva ndi la Clive Haupt, mkaladi wa zaka 24. Adakomoka ali kunyanja tsiku la Chaka Chatsopano, ndipo pa 2 January 1968 Barnard adaika mtima wake mwa Philip Blaiberg, Mzungu, dokotala wa mano. Mtimawo udagunda miyezi 19 m'dera la Azungu, komwe mwini wake lamulo silikadamulola kukhala ndi nyumba.

Ife a kuno zimenezi sitifunika kutimasulira. Tenanti pa esiteti amathyola fodya, kusoka, kuyanika m'chigafa, kudinda mabelo. Fodyayo amakalowa ku okushoni ku Kanengo, iye n'kutsala ndi ngongole ya chimanga chomwe adadya m'dzinja. Mnyamatayu adandiuza yekha kuti adakulira pa esiteti, nkhongo ili phuliphuli ndi dzuwa la m'munda wa fodya. Aaa, ndiye fanizo lidali pakhomo pomwe, iye n'kukatola nthano ya m'magazini!

Ndidawerenga pa pepala lake: ndime zisanu ndi imodzi, dzina la Naki kasanu ndi kawiri. Haupt mulibe.