Mutu wa Mlembi Ukaima

Kuima mutu kwa mlembi, komwe ndi kukanika kuyamba kapena kupitiriza kulemba ngakhale nthawi, pepala ndi chilakolako zonse zilipo, ndi vuto limene ambiri amalimva molakwa poganiza kuti limabwera nzeru zikatha. Katswiri wa zamaganizo Edmund Bergler ndiye analipatsa dzina la Chingerezi loti writer's block mu 1947, koma mbiri ya Ralph Ellison, mlembi wa ku America, ndiyo imaonetsa bwino pamene pagona vutoli. Atatulutsa buku lake lotchuka la Invisible Man mu 1952, Ellison anatha zaka pafupifupi 40 akulimbana ndi buku lachiwiri la nkhani yaitali, ndipo pomwalira mu 1994 anasiya masamba oposa 2,000 osamangidwa pamodzi. Munthu wotere sanganenedwe kuti anasowa mawu, ndipo n'zomveka kuganiza kuti chimene chimagwira dzanja la mlembi nthawi zambiri ndi woweruza wokhala mumtima mwake, amene amayesa chiganizo chilichonse chisanabadwe n'kuchipeza choperewera.

Kulemba kuli ndi ntchito ziwiri, kutulutsa mawu ndi kuwasankha, ndipo mutu umaima ziwirizi zikachitikira pamodzi, monga mmene zingakhalire mayi atafuna kupeta chimanga asanachikonole. Njira imene Peter Elbow anaifalitsa m'buku lake la Writing Without Teachers mu 1973 imalekanitsa ntchitozi: mlembi amalemba kwa mphindi khumi osaima, osafufuta, osabwerera m'mbuyo kukakonza kalembedwe. Zambiri zotuluka pamenepo zimakhala gaga, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi, koma mphale imapezeka mu gaga momwemo, ndipo lichero limagwira ntchito pokhapokha mumtondo mutatuluka kanthu.

Luso la nthano limaphunzitsa zozama kuposa pamenepa. Wokamba nthano savutika ndi poyambira, chifukwa mwambo unamuikira kale mawu otsegulira akuti "Padangokhala", ndipo omvera akavomera kuti "Tili tonse" iye amakhala atalowa kale m'nkhani asanayambe kudzikayikira. Kuvomera kumeneku kumabwerezedwa nthano ili mkati, ndipo nyimbo imene omvera amathandizana naye kuimba imamupatsa mpata wopuma ndi kukonza m'mutu gawo lotsatira. Mlembi wa papepala anataya zonse ziwiri, chiyambi chokonzeratu ndi anthu omuyankha, n'chifukwa chake ayenera kudzipezera zolowa m'malo mwake. Angadziikire malire, monga kulemba ndakatulo ya mizere khumi yokha kapena kufotokoza chochitika chimodzi cha pachigayo m'malo mwa mudzi wonse, popeza ufulu wolemba chilichonse ndiwo umalemetsa dzanja. Angapezenso omvera, monga anachitira a gulu la alembi la Writers Group limene linayamba pa Chancellor College mu 1970, Jack Mapanje ali mmodzi mwa oliyambitsa, kumene olemba ankawerengerana ntchito zawo ndi kuzikambirana mlungu ndi mlungu. Tsiku lodziwika lokaonekera pamaso pa anzake limamaliza ndakatulo zambiri zimene kudikira mzimu wa luso sikukanazimaliza.

Za chizolowezi cha tsiku ndi tsiku zanenedwa kambiri. Anthony Trollope ankalemba m'mamawa asanapite kuntchito yake ya ku positi ofesi, wotchi ili patsogolo pake, mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse, ndipo anasiya mabuku 47 a nkhani zazitali, ngakhale kuti muyezo wotere umayenera nkhani kuposa ndakatulo. Chothandiza kwambiri ndi chizolowezi cha Ernest Hemingway chosiya kulemba pamene akudziwa chimene chikubwera patsogolo, zomwe zikufanana ndi kukwirira khala m'phulusa usiku kuti m'mawa moto usavute kukoleza.

Komabe si kuima mutu konse kumene kumatha ndi njira zimenezi. Pali chete wobwera ndi maliro, matenda kapena mantha a boma, ndipo ngakhale Mapanje anapeka ndakatulo m'mutu ali m'ndende ya Mikuyu pakati pa 1987 ndi 1991, sibwino kutenga kulimba mtima kwakeko ngati chikwapu chokwapulira mlembi amene masautso amutseka pakamwa. Palinso kuima kumene gwero lake lili m'nkhani momwemo: mlembi amakanika kulemba tsamba la 60 chifukwa patsamba la 40 anachititsa mpangankhani, ndiye kuti munthu wa m'nkhaniyo, chinthu chosemphana ndi khalidwe limene anamupatsa poyamba. Apa kulemba mosaima sikuthandiza, ndipo chofunika ndi kuwerenga ntchito yonse mokweza mawu kuchokera pachiyambi, kufikira khutu litamva pamene nkhani inayambira kunama, ndi kuvomera kutaya masamba onse otsatira malowo.