Kugulitsa Makiyi a Nyumba ya Mwini

Ku Cuamba anthu ofuna pogona ndi ambiri. Kuli sitima ya ku Nampula, kuli anchito a panjanji, kuli ophunzira zaulimi a pa Universidade Católica. Ku Mandimba, pafupi ndi malire a Chiponde, amalonda ndi oyendetsa malole nawonso amafuna pogona. Ana athu a m'midzi ya ku Ngauma akapita kutauni kukaphunzira kapena kukafuna nchito, cinthu coyamba ndi cipinda ca renda, imene anzathu a ku Malawi amati lendi.

Tsono m'maiko ambiri mwabuka malonda ena. Munthu atenga nyumba kwa mwini wake, nalonjeza kulipira pamwezi. Koma iye sagonamo. Aijambula ndi foni, naika zithunzizo pa intaneti, ndipo alendo alipira pa usiku uliwonse. Kampani yochuka pa nchito imeneyi ndi Airbnb, imene inayamba mu 2008 ku San Francisco, m'dziko la America. Lero nyumba za ku Maputo, ku Tofo ndi ku Ponta do Ouro zili pamenepo. Ndipo aliyense wokhala ndi Facebook kapena WhatsApp akhoza kucita zomwezo ali ku Cuamba.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti renda ya nyumba ndi 3,000 meticais pamwezi. Mlendo alipira 1,000 pa usiku umodzi. Alendo akagona masiku 10, wapakati uja walandira 10,000. Apereka 3,000 kwa mwini, ndipo 7,000 ilowa m'thumba mwake. Kodi iye anaumba njerwa? Kodi anagula malata? Iai. Iye wagwira makiyi basi.

Ife a Moçambique nkhani iyi si yacilendo. Pa 3 Febuluwale 1976 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba zonse za renda zikhala m'manja mwa boma. Bungwe la APIE ndilo linaziyang'anira, ndipo renda inali yocepa kuti wanchito wamba akhale m'nyumba yabwino. Koma patapita zaka, ena amene analandira nyumbazo anayamba kulowetsamo anthu ena mobisa, pa mtengo wokwera. Ena anapereka nyumba yonse kwa munthu wandalama, dzina lawo likali m'buku la APIE. Anthu anacha mcitidwe umenewu kuti kugulitsa makiyi. Denga likadontha, panalibe wolikonza, pakuti wokhalamo analibe dzina m'buku, ndipo wa dzina m'buku sanali kunyowa. Mu 1991 boma linalola anthu okhala m'nyumbazo kuzigula.

Kale makiyi anali kugulitsidwa monong'ona. Lero agulitsidwa pa foni, usiku umodziumodzi. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Sindikudzudzula mai amene ali ndi cipinda kuseri kwa nyumba yake, nalandira mlendo kuti apeze ya sopo ndi ya makope a ana. Nyumba ndi yake, thukuta ndi lake. Ndikunena za munthu amene akolola m'munda wa wina, mwini munda osadziwa. Lamulo nalonso silimulola. Código Civil ya 1966, imene dziko lathu likutsatabe, imati wotenga nyumba pa renda asaipereke kwa wina popanda cilolezo ca mwini. Imatinso ngakhale ataloledwa, asawonjeze kupitirira 20 pa 100 iliyonse, pokhapokha atapangana ndi mwiniyo. Pa renda ya 3,000 ija, malire ake ndi 3,600.

Koma tisafulumire kumvera cisoni eni nyumba okha. Mwini akaona kuti wina akudyera pa nyumba yake, sangokwiya cabe, amaphunziranso. Acotsa wapakati uja, ndipo malondawo ayamba kucita yekha. Mawa auza banja la m'nyumba yake yaciwiri kuti lisamuke, cifukwa alendo a usiku alipira bwino. Pamenepo wolira ndani? Ndi mphunzitsi wotumizidwa kumene, ndi namwino, ndi mwana wathu wa ku Massangulo amene ndalama yake yacokera ku matumba a cimanga ndi fodya wa atate ake. Zipinda za pamwezi zikacepa, mtengo wake ukwera.

Mizinda ikuluikulu inaona kale vuto limeneli. Ku New York, kuyambira mu Sepitembala 2023, munthu saloledwa kulandira alendo olipira kwa masiku osakwana 30 ngati sanalembetse ku boma la mzinda, ndipo iye mwini ayenera kukhala m'nyumba momwemo pamodzi ndi alendowo. Ku Barcelona, mu 2024, mkulu wa mzinda Jaume Collboni analengeza kuti pofika Novembala 2028, nyumba pafupifupi 10,000 zogona alendo zidzataya cilolezo cake, kuti anthu a mumzindamo apeze pokhala.