Kabolodi Kamene Mawu Amayambira

Zimkuzamawu za pa maukwati a ku Bvumbwe, Luchenza ndi Goliati sizilira mofanana. Zina zimagwedeza chifuwa ndi bezi, koma mkulu wa mwambo akagwira maiki mawu ake amatuluka osasa, pansi pake pakumveka kamluzu kosaleka. Zina ukhoza kukhala kumbuyo kwenikweni kwa tenti, n'kumamva liwu lililonse la ankhoswe. Mwini zida amathamangira kugula masipika aakulu. Mmisiri wodziwa amatsegula ampulifaya kapena mikisa, n'kulunjika pa kabolodi kakang'ono kotchedwa preamp.

Chifukwa chake n'chomveka. Magetsi ochokera m'maiki ndi ofooka zedi, mamilivoti ochepa chabe. Ntchito ya preamp ndi kuwakweza mwina maulendo mazana angapo, kuti afike pafupifupi volti imodzi asanapite kumene kuli mphamvu. Phokoso lililonse lolowa pamenepa limakwezedwa limodzi ndi nyimbo, ndipo kutsogolo kulibe wolichotsa. Ife a kuno ku Thyolo sitisowa kuuzidwa kawiri: wothyola tiyi ku Satemwa kapena ku Makandi akaponya masamba okhwima m'dengu, fakitale ngakhale ikhale yamakono bwanji singawasandutse ansonga.

Chimene chimandigwira mtima ndi dongosolo la ntchitoyo. Mmisiri sayamba ndi kumasula. Amazula zingwe zonse za nyimbo, kukweza voliyumu, n'kutchera khutu pa sipika. Kung'ung'udza kwa pansipansi, kwa ma hertz 50 a magetsi a m'nyumba, kumamuuza kuti waya wa pansi walumikizidwa molakwika kapena nthambo ya m'kati yochokera polowera maiki yayandikana ndi thiransifoma. Kukakhala kokwererapo, kwa ma hertz 100, amadziwa kuti makapasita osefa magetsi atha. Kuthetheka pozungulitsa batani ndi fumbi ndi dzimbiri, zimene chinyontho cha chiperoni chimabweretsa m'chiwiya chilichonse m'boma lino. Matenda atatu, khutu limodzi, mita isanatuluke n'komwe m'thumba.

Makapasita ndiwo amayamba. Amene ali ndi madzi m'kati amauma ndi zaka ndi kutentha, ena amatupa pamutu. Atsopano ayenera kukhala a muyeso womwewo ndi kuyang'ana mbali yoyenera, pakuti wotembenuzidwa amaphulika. Kenaka pamabwera kachipu ka miyendo 8. Zida zambiri zotsika mtengo zimabwera ndi 4558. Mmisiri amaikapo NE5532, imene kampani ya Signetics inatulutsa mu 1979 ndipo mpaka lero ili m'mamikisa a m'ma studio chifukwa phokoso lake n'lochepa. Apa m'pamene mmisiri amasiyana ndi wongosintha zinthu. NE5532 imadya magetsi ochulukirapo, choncho amayamba wayeza ngati mavolti 15 a mbali zonse ziwiri aima nji. Amawotcherera kakapasita kakang'ono pafupi ndi miyendo ya chipu kuti chisayambe kulira chokha. Amaikanso soketi, kuti tsiku lina bolodi isadzaonenso moto. Ndipo poti zachinyengo zilipo pamsika, chipu chogula ku Limbe amachimvetsera kaye asanachikhulupirire.

Dzanja lake powotcherera n'losangalatsa kuliyang'ana. Nsonga yamoto imakhudza mwendo ndi bolodi nthawi imodzi, mtovu n'kuyenderera wokha, dzanja n'kuchoka. Akachedwa pang'ono, kanjira ka kopa kamatukuka. Polumikiza pabwino pamakhala posalala, powala, popanda chibulumwa.

Poyesa, bezi yamakono imabisa zambiri. Mayeso oona ndi nyimbo ngati za Allan Namoko, mwana wa kuno ku Thyolo, ndi gulu lake la Chimvu: banjo yopanga pamanja, ng'oma, ndi mawu. Preamp ikakhala yotopa, zonsezi zimaphatikana, banjo n'kumabaya m'khutu. Ikakonzedwa bwino, nsambo iliyonse imaima payokha, ng'oma imabwerera kumbuyo kwake, ndipo oyankha nyimbo amamveka kuti ndi anthu angapo, aliyense ndi mmero wake. Mphamvu ya ampulifaya sinawonjezeke ngakhale wati imodzi, komabe wakumbuyo wayamba kumva.

Pobweza katundu, mmisiri amamugwira dzanja mwiniwake n'kumuonetsa batani la gain. Alikweze mpaka kagetsi kofiira kangophethira pa mawu okwera kwambiri, kenaka alibweze pang'ono. Nyengo ya chiperoni mikisa isagone pansi pa simenti, ndipo nthambo ya maiki iziyenda njira yakeyake, kutali ndi ya jenereta.