Kaundula Aŵerenga Mapazi, Saŵerenga Mutu

Tiyeni, oŵerenga okondedwa, tiyambire nkhaniyi pa depoti ya mabasi ku Old Town mu Lilongwe, m'maŵa wa mwezi wa Januwale, mvula itagwa usiku wonse. Tiyerekeze kuti pakati pa khamu la anthu olimbirana minibasi pali mtsikana woyenda pa chikuku, amene anakhoza bwino mayeso a Fomu 4 nasankhidwa kupita ku sukulu ya ukachenjede. Wadzuka tambala woyamba, mlongo wake wamkankha m'matope kuchokera kunyumba, wakwera minibasi yoyamba, ndipo tsopano akudikira yachiŵiri. Kondakitala wina wamuona nayang'ana kumbali. Wina wati chikukucho chilipire mpando wake. Pofika iye pakhomo la kalasi, pepala losainapo maina lidzakhala litazungulira kale, ndipo pa dzina lake padzatsala mpata. Mipata yotere ikachuluka, a ku ofesi adzamuuza kuti saloledwa kulemba mayeso.

Lamulo limeneli, loti wophunzira amene wajomba kopitirira muyeso asaloŵe m'chipinda cha mayeso, lilipo m'masukulu ambiri a ukachenjede, ndipo ndilo ndifuna tiliike pa sikelo lero. Ndisanalidzudzule, ndiyenera kuliyamikira. Amene analiika sanali anthu ouma mtima. Anadziŵa kuti mnyamata wongotuluka kumene m'manja mwa makolo akhoza kuledzera ndi ufulu, nagona mpaka dzuŵa litakwera, nadzakumbuka mabuku mayeso ali pakhomo. Anadziŵanso kuti nzeru zina sizipezeka m'buku, koma pa kufunsana ndi kutsutsana ndi anzako. Kholo lililonse limene lagulitsa fodya kapena mbuzi kuti lilipire fizi likufuna kumva kuti mwana wake akuloŵa m'kalasi. Apa palibe chotsutsa.

Koma kaundula ali ndi chilema chake: amaŵerenga mapazi amene aloŵa pakhomo, saŵerenga mutu umene waphunzira. Kwa iye, mnyamata amene wajomba chifukwa cha moŵa wa dzulo ndi mtsikana amene wakanidwa ndi minibasi zitatu ndi amodzi. Onse aŵiri ndi mpata chabe pa pepala. Lamulo lopangidwira kugwira aulesi likugwira pamodzi ndi akhama, ngati ukonde wosasankha nsomba.

Taonani mmene mzinda wathu unamangidwira. Lilongwe, amene anakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndi mzinda wotambalala: Old Town ali apa, City Centre ndi Capital Hill ali uko, pakati pali nkhalango ndi misewu italiitali. Masukulu nawo ndi omwazikana. Amene akuphunzira za unamwino ku Kamuzu University of Health Sciences ali pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, a zaulimi ku Bunda ali pa mtunda wa makilomita ngati 30 kuchokera mu mzinda, ndipo masukulu amene si aboma ali m'madera osiyanasiyana. Mwana wa ku Area 10 kapena ku Area 43, ngakhale akhale waulumali, atate ake amtula pa galimoto pakhomo penipeni pa sukulu. Mwana wa ku Chinsapo kapena ku Area 25 ayenera kugonjetsa matope, zigwembe ndi makondakitala asanaone bolodi. Kaundula sadziŵa za zonsezi. Motero lamulo looneka lofanana kwa onse limalemera kaŵiri pa mutu wa mmphaŵi waulumali.

Ndipo si ulumali wonse uoneka ndi maso. Wodwala khunyu akagwa usiku, m'maŵa mwake thupi limakhala lolefuka ndipo mutu sugwira. Wobadwa ndi matenda a m'magazi otchedwa sickle cell amatha miyezi ali bwinobwino, kenaka ululu wa m'mafupa numgoneka m'chipatala sabata yathunthu. Wachialubino ali ndi masiku ake okaonetsa khungu kwa dokotala, ndipo tsikulo sasankha yekha. Wovutika ndi matenda a maganizo ali ndi m'maŵa wina umene kungodzuka pa mphasa ndi nkhondo. Matenda otere sapangana tsiku ndi munthu, ndipo salemekeza ndandanda ya maphunziro. Anthuŵa si oŵerengeka ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. M'parishi mwanu alimo, mwinanso m'nyumba mwanu momwe.

Chodabwitsa nchakuti pa pepala dziko lathu linavomera kale zimene ndikunenazi. Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko a 1994 imaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. M'chaka cha 2009 Malaŵi anavomereza pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene limati masukulu, kuphatikizapo a ukachenjede, asinthe zimene zingasinthike mosalemetsa koposa kuti waulumali aphunzire mofanana ndi anzake, ndiponso kuti kukana kusintha kotere nakonso ndi tsankho. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linabwera lina latsopano limene linasandutsa bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Koma pomva mawu oti kusintha, ambiri timangoganiza za simenti: njira yotsetsereka m'malo mwa masitepe, chitseko chotakata, chimbudzi chachikulu. Izi nzofunika ndithu. Koma lamulo la sukulu nalonso likhoza kukhala sitepe, ndipo sitepe ya pa pepala ndi yovuta kuiona kuposa ya simenti.

Wina adzati: koma aphunzitsi athu ndi anthu achifundo, mwana akafotokoza bwino amamumvera. Nzoona, ambiri amatero, ndipo tiwathokoze. Koma apa mpamene pagona chidzudzulo changa chachikulu. Chinthu chikakhala cha chifundo chabe, wochilandira amasanduka wopempha. Ngati akutenga maphunziro asanu ndi limodzi, ayenera kugogoda zitseko zisanu ndi chimodzi, naulula matenda ake kasanu ndi kamodzi, nayembekeza kuti aliyense mwa aphunzitsiwo wadzuka bwino tsikulo. Wolimba mtima adzapambana. Wamanyazi, makamaka amene matenda ake anthu amawanong'ona, adzangokhala chete mpaka dzina lake litasoŵa pa mndandanda wa olemba mayeso. Ufulu umene udalira nkhope ya munthu si ufulu.

Njira yabwinopo ilipo, ndipo siifuna ndalama zambiri. Ku America, kumene malamulo a 1973 ndi 1990 analetsa kusala ophunzira aulumali, mayunivesite ambiri amachita motere. Wophunzira amapereka kalata ya dokotala kamodzi kokha, ku ofesi imodzi yosunga chinsinsi. Poyamba pa chigawo cha maphunziro, iye, mphunzitsi ndi ofesiyo amalemba pangano: masiku angati oonjezera amene angajombe osalangidwa, adziŵitse bwanji mphunzitsi matenda akamgwira, ndi masiku angati amene ali nawo kuti apereke ntchito imene inamdutsa. Mphunzitsi sauzidwa dzina la matendawo, amangouzidwa chofunika kuchita. Pepala limodzi lotere lingalembedwe ku Lilongwe monga lilembedwa kwina kulikonse.

Tisabise kuti njirayi ili ndi malire. Wophunzira unamwino sangaphunzire kubaya jakisoni ali pa mphasa kwawo, ndipo wa zaulimi ayenera kugwira dothi ndi manja ake. Wodwala amene adzagona pamaso pa namwinoyo maŵa ali ndi ufulu wake nayenso. Pa maphunziro otere, maola amene atayika ayenera kubwezedwa onse, kungoti abwezedwe pa tsiku lina m'malo mobwereza chaka chonse. Mayeso akhale omwewo, muyeso wokhozera ukhale womwewo. Chimene tikupempha si digiri yotsika mtengo, koma njira ina yofikira pa digiri yomweyo. Kunena zoti ena adzanamizira kudwala, yankho lake ndi kalata ya chipatala ndi ofesi yofufuza. Sititseka chitsime chifukwa choti wina anatungapo ndi ndowa yakuba.

Tikumbukirenso chaka cha 2020. Mliri wa Covid-19 utatseka masukulu m'mwezi wa Malichi, mayunivesite ena anayamba kutumiza maphunziro pa intaneti ndi pa foni za m'manja. Sizinayende bwino kwa onse, pakuti ambiri analibe ndalama zogulira mayunitsi, koma tinaphunzirapo kanthu: pamene vuto linagwera aliyense, njira inapezeka m'miyezi yoŵerengeka. Nanga bwanji vuto lomwelo likagwera ochepa chaka ndi chaka, timati lamulo ndi lamulo?

Tsono titani? Bungwe la National Council for Higher Education, limene limavomereza masukulu a ukachenjede m'dziko muno, lingathe kufunsa sukulu iliyonse kuti ionetse ndondomeko yolembedwa pa nkhaniyi, monga limafunsira za mabuku ndi za aphunzitsi. Akuluakulu a masukulu asadikire kufunsidwa. Ndipo inu makolo, mwana wanu akasankhidwa, musabise matenda ake poopa manyazi. Pitani naye ku ofesi sabata yoyamba, kalata ya chipatala ili m'manja, mufunse mwaulemu koma mosagwedezeka kuti dongosolo lawo ndi lotani, ndipo mupemphe kuti yankho lilembedwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo la pakamwa limaiŵalika mayeso akayandikira. Inunso amene muli ndi galimoto ku Area 12 kapena ku Area 47, mpando wakumbuyo umene umapita wopanda munthu m'maŵa uliwonse ungathe kupulumutsa digiri ya mwana wa mnzanu.

Akulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Ngozi imodzi ya kabaza pa mlatho wa Lilongwe ikwanira kuika mwana wa aliyense wa ife pa chikuku. Tsiku limenelo tidzafuna kuti sukulu ifunse chimene mwanayo akudziŵa, isanaŵerenge masiku amene mapazi ake analephera kufika pakhomo.