Detainee si convict

Anzanga olemba, sabata ino tikambeko za mawu atatu a Chingerezi: prisoner, convict ndi detainee. Pomasulira, onsewa timangoti mkaidi, basi. Komatu akusiyana.

Prisoner ndi aliyense amene ali m'ndende. Convict ndi amene khoti linamupeza wolakwa. Detainee ndi wongosungidwa, kawirikawiri asanazengedwe mlandu.

Taganizirani za Jack Mapanje. Anamugwira mu 1987 n'kukamutsekera ku Mikuyu mpaka 1991, osamutengera kukhoti. Ndiye inu mukamaunika buku lake la ndakatulo la 1993, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, n'kulemba kuti mlakatuliyu "anagwira ukaidi", mwamupatsa chigamulo chimene ngakhale boma la Kamuzu silinapereke. Mwaphonyanso pamene pagona ululu wa ndakatulozo. Convict amawerenga masiku otsala. Detainee awerenga chiyani, poti palibe woweruza anatchula zaka?

Tisachite ulesi, abale. Liwu limodzi likasowa, tilembe anayi: anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Kutalikako si vuto, bola tisamunamizire munthu.

Nanga kwanuko, detainee mumati chiyani?