Mtembo Umodzi Pakati pa Mabwinja

Mu 1962 mlembi wa ku Germany, Hans Hellmut Kirst, adatulutsa buku lomwe m'Chingerezi limatchedwa The Night of the Generals. Nkhani yake iyambira mu mzinda wa Warsaw m'chaka cha 1942. Mkazi wina woyendayenda wapezeka ataphedwa mwankhanza, ndipo mboni idangoona mzere wofiira pa buluku la wakuphayo, chizindikiro cha kazembe wa nkhondo. Major Grau, msilikali wofufuza milandu, aumirira kuti apeze mwini mlanduwo pakati pa akazembe atatu a dziko lake lomwe. Tikumbukire kuti chaka chomwecho, mu mzinda womwewo, Ayuda oposa 250,000 adakwezedwa m'sitima kupita kukaphedwa ku Treblinka. Kodi si misala kusakasaka wopha munthu mmodzi pamene boma lenilenilo likupulula anthu osaŵerengeka?

Ine ndiyesa kuti funso limeneli ndilo limakoka aŵerengi ku mabuku otere. Nkhondo imasandutsa akufa kukhala chiŵerengero, ndipo mtima wa munthu sutha kulirira chiŵerengero. Umalirira nkhope ndi dzina. Wofufuza akaŵerama pa mtembo umodzi nafunsa kuti uyu ndani, wamupha ndani, akubwezera wakufayo ulemu umene nkhondo idalanda anzake onse. Agustino Woyera, m'buku lachinayi la Mzinda wa Mulungu, adaphunzitsa kuti ufumu wopanda chilungamo susiyana ndi gulu la achifwamba, kupatula kukula kwake. Grau atumikira ufumu wotere, ndipo wakupha amene iye amfunafuna ndiye amene ufumuwo umamveka nyota.

Graham Greene adaona mbali ina ya chinthu chomwechi mu The Third Man, kanema wa 1949 amene adawongolera Carol Reed. Apa nkhondo yatha, koma mzinda wa Vienna uli wogaŵidwa pakati pa America, Britain, France ndi Russia, anthu akukhala m'mabwinja, ndipo chilichonse chigulidwa mwakatangale. Harry Lime amagulitsa mankhwala a penisilini obedwa m'zipatala, ataŵasungunula ndi madzi. Ana odwala amene abayidwa nao amafa kapena kuzungulira mutu. Atakwera ndi bwenzi lake Martins pa chigudumu chachikulu cha m'bwalo la Prater, Lime aloza anthu apansi, ooneka ngati timadontho, nafunsa ngati Martins angakane ndalama zolipidwa pa kadontho kalikonse kamene kaleka kuyenda. Maso ameneŵa Lime sadabadwe nao. Ndiwo maso a woponya mabomba ali m'ndege, maso amene zaka zisanu ndi chimodzi za nkhondo zidaphunzitsa Ulaya yense. Greene, amene adaloŵa Chikatolika mu 1926, adachita dala kumpanga Lime munthu wobatizidwa, wonena kuti akhulupirirabe Mulungu. Chikumbumtima chokha ndicho chidauma.

Komabe sindingayamikire mabukuŵa popanda kudandaula. Mdima uli ndi kukoma kwake, ndipo alembi amadziŵa zimenezi. Mu kanema uja, ana ovulazidwa sationetsa. Tingoona timabedi tao ndi nkhope ya Martins. Koma Lime, amene adamseŵera Orson Welles, tamuona akumwetulira pakhomo usiku, kuŵala kukumgwera pankhope, ndipo ndiye amatsala m'mutu mwa wopenya. Anthu adamkonda kotero kuti mu 1951 adamuyambitsira maseŵero ake a pawailesi, Welles yemweyo akumulankhulira, monga kamberembere wosangalatsa. Za ana aja sizidamvekenso.

Buku la Kirst lili ndi chilema china, chimene kwa ine nchachikulu koposa. Wakupha uja, General Tanz, atulukira kuti ndi munthu wodwala maganizo. Woŵerenga apuma, poti choipa chapezeka mwa chilombo chimodzi chimene tingachiloze ndi chala. Koma sitima za ku Treblinka sizidayendetsedwe ndi amisala. Adaziyendetsa alembi a m'maofesi, oyang'anira njanji ndi apolisi, anthu a mabanja ao, amene ankaŵeruka madzulo nkukadya ndi ana ao, ndipo ambiri a iwo palibe Grau amene adagogoda pakhomo pao.