Nkhope imene Sien sanationetse

Pali chithunzi china chimene chakhala chikundisowetsa mtendere masiku ano. Anachijambula ndi Vincent van Gogh m'chaka cha 1882 ku The Hague, m'dziko la Netherlands, ndipo chimasungidwa ku New Art Gallery ya ku Walsall, ku Mangalande. Mulibe utoto ayi, ndi mizere yakuda basi papepala. M'munsi mwake mwini wake analembamo mawu a Chingerezi akuti Sorrow, kutanthauza chisoni.

Mayi wakhala pansi ali mbulanda, ife tikumuonera cham'mbali. Mikono waipinda pamaondo, mutu wauzika m'mikonomo. Tsitsi lagwera pamsana, mabere agwa, ndipo mimba ikuonetsa kuti ndi woyembekezera. Nkhope yokha ndiyo sitikuiona.

Ambiri amayamikira kuti chisoni chonse tikuchiwerenga pamsana wopindikawo, popanda ndi msozi umodzi womwe. Apo ndikuvomera. Mukadakhala utoto, bwenzi maso athu akuthamangira kusirira khungu. Mzere wakudawo sutipatsa mpata wotero.

Koma pali pomwe pakundivuta. Mayiyu sanangomulota wojambulayo ayi. Dzina lake anali Clasina Maria Hoornik, ankamutchula kuti Sien. Anali mmphawi wa kamwana kakakazi, mwamuna wompatsa pathupipo atamuthawa, ndipo nthawi zina ankadyera uhule. Van Gogh anamutenga nkumakhala naye, namadya ndalama zomwe mng'ono wake Theo ankatumiza. Tsono abale, munthu wotere akauzidwa kuti vula ukhale apa, angakane?

Ndiye mawu aja akuti chisoni ndi a yani? Ndi a Vincent. Mwina Sien anangotopa, mwina ankamva kuzizira, kaya manyazi. Inde, wojambula ndiye amauza munthu kakhalidwe. Komabe ndikayang'anitsitsa ndimaona ngati nkhopeyo ndi chinthu chokhacho chimene mayiyu anatsala nacho chakechake, zina zonse atapereka.

M'chaka cha 1883 van Gogh anamusiya nkupita ku Drenthe. Sien anafa chomira m'madzi mu 1904.

Chithunzichi ndi chaluso, sindikutsutsa. Koma inu awerengi mukadzachiona, musadzafulumire kuwerenga mawu a m'munsiwo. Mudzayambe mwakhala chete ngati mmene timachitira tikapeza mnzathu waweramitsa mutu pakhonde, tisanadziwe chomwe chagwa.